Mankhwala a Alamu M'firiji Mwanga

M'firiji mwathu, pa shelefu yapakati, mumakhala kachitini kapulasitiki komwe kale munali majarini. Si kathu ayi. Ndi ka mayi wina wamasiye amene nyumba yake ili kuseri kwa munda wathu wa chinangwa, kuno ku Liwaladzi. Ine ndimawatchula kuti alamu, chifukwa ine ndi malemu amuna awo tinkaitanana kuti achimwene ngakhale sitinali pachibale. Mayiwa ali ndi matenda a shuga ndipo amadzibaya okha jakisoni m'mawa ndi madzulo. Mankhwalawo amakatenga kuchipatala cha ku boma, timabotolo tingapo nthawi imodzi, poti ulendowo ndi wautali kwa munthu wotupa miyendo. Kabotolo kamene atsegula amakhala nako kwawo. Totsalato ndi timene timasungidwa m'kachitini muja. Tikatenthedwa, mankhwala amatha mphamvu, ndipo munthu amangodzibaya madzi uku shuga akukwera. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira tsiku loyamba. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuzizira kopitirira muyeso nakonso kumawapha.

Ndiyambe ndi amuna awo, chifukwa popanda iwo kachitini aka sikakanandilemera chonchi.

Ndili ndi ana awiri okha, ndinkagwira ntchito m'sitolo ya bwana wina ku boma. Bwanayo ankagula chambo ndi kampango ku Chia n'kumatumiza ku Lilongwe. Kuseri kwa sitolo kunali firiji yaikulu yogona, yotsegula chapamwamba, mmene nsomba zinkadikirira galimoto. Antchito tinalipo anayi. Mmodzi anali mwamuna wamtali wochokera ku Usisya, woseka mokweza, amene Chichewa chake chinkakhota mwa kumpoto. Iye anali Mkhristu, ine Msilamu. Lachisanu ankandigwirira ntchito kuti ndipite kumzikiti ku mapemphero a Juma, ine n'kumugwirira Lamlungu. Anali ndi mpeni wake wotumbulira nsomba, wachigwiriro chokulungidwa ndi labala wa chubu cha njinga, ndipo ankaukoleka pamsomali pafupi ndi chitseko. Aliyense ankaugwiritsa ntchito, iye osadandaula.

Tsiku lina bwana popita ku Salima anandiuza kuti ndichotse ayezi amene anakula m'mbali mwa firiji mpaka chivindikiro kumakanika kutsekeka. Anandiuza bwinobwino kuti ndizimitse, ndisamutsire nsomba m'madengu a ayezi, ndidikire asungunuke okha. Koma tsikulo kunali ukwati wa msuweni wanga ku Kanyenda, ndipo ndinkafuna kupeza mpunga usanathe. Anzanga atapita kukatsitsa katundu, ndinatenga mpeni pamsomali n'kuyamba kugogoda. Ayezi ankagwa m'zidutswa zikuluzikulu, ine n'kumadziyamikira kuti ndine wochenjera. Kenako ndinamva kaphokoso ngati ka tayala la njinga likabooka, ndipo kamphepo kozizira kanandiwomba padzanja. Ndinaima kanthawi. Ndinabwezera nsomba, ndinatseka chivindikiro, ndinakoleka mpeni pamalo pake, nsonga yake itapindika, n'kupita ku ukwati.

Patapita masiku awiri nsomba zonse zinali zitanunkha. Mmisiri anabwera n'kuonetsa bwana kabowo kamene gasi anatulukira. Bwana anayang'ana pamsomali, anatenga mpeni uja, anaona nsonga.

"Mpeni uwu ngwa ndani?"

"Ngwanga, bwana," anatero mnzanga uja. "Koma firiji sindinaigwire."

Bwana anali ataiwala kuti ntchitoyo anaipereka kwa ndani, kapena mkwiyo unamuiwalitsa. Mnzangayo anatiyang'ana mmodzimmodzi. Atafika pa ine, ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Bwana anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo masitolo onse a ku boma anamva kuti ndi munthu wowononga ndi wabodza. Mnzangayo anasamukira kuno n'kuyamba kukoka makoka a eni ake. Mwana wake woyamba, amene aphunzitsi ankamutama, anasiya sukulu kuti azithandiza bambo ake kunyanja. Patapita zaka inenso ndinasiya ntchito n'kudzamanga kuno pamalo a kuchikazi, ndipo tinapezeka kuti tayandikana. Anandilandira ndi nkhuku. Anamwalira ndi chifuwa, ndipo pamaliro ake ndinakhalapo masiku onse, anthu n'kumanena kuti ubwenzi ngati umenewu ndi wosowa.

Pachivindikiro cha firiji ya bwana ija panali kapepala ka malemba ofiira. Sindinkatha kuwerenga. Bambo anga anandikaniza sukulu ya mishoni poopa kuti ndikabatizidwa, choncho ndinangophunzira kumadrasa. Zilembo ndinazidziwa nditapitirira zaka makumi asanu, kusukulu ya kwacha, nditakhala pamphasa pakati pa amayi amene ankandiseka kuti ndimagwira pensulo ngati nkhafi. Mphunzitsi wathu anali mayi woleza mtima kwambiri ndipo ndimamukumbukira m'mapemphero anga. Koma sindibisala kuseri kwa umbuli. Bwana anandiuza ndi pakamwa, ndipo ndinamva.

Magetsi atafika kudera lathu, mwana wanga wamkazi amene amaphunzitsa ku Kasungu anatitumizira firiji yoimirira, ya kabokosi ka ayezi chakumwamba. Kabuku kake kanali ka Chingerezi. Atabwera patchuthi anakhala pakhonde n'kundilembera malangizo onse m'Chichewa m'kope la sukulu, ndi zilembo zikuluzikulu kuti maso anga asavutike. Mzere woyamba unati: Musachotse ayezi ndi mpeni. Ndinatseka kopelo n'kupita kukayendayenda kumunda.

Miyezi yoyamba tinaizunza firijiyo mosadziwa. Akazi anga anaiika pakona ya pabalaza pomwe aliyense wolowa angaione, itatsamira khoma, pafupi ndi windo lomwe dzuwa la m'mawa limalowera. Anaiveka nsalu yoluka yolendewera mpaka kumbuyo, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Inkalira usana wonse osapuma, m'mbali mwake mukutentha, ndipo mayunitsi ankatha ngati tikuwotchera njerwa. Ndinaitanitsa mmisiri wina wachikulire wa ku Dwangwa. Atalowa anaima, manja m'chiuno.

"Iyi mwaiveka chonchi ikupita ku chinkhoswe?"

"Fumbi, abambo," anatero akazi anga.

"Fumbi lili kumbuyoku, amayi, kumene simuyang'anako."

Anaikoka n'kutionetsa mapaipi akuda a kumbuyo. Anali atakutidwa ndi fumbi, ndi maukonde a akangaude, ndipo mavu anali atamangapo kale kanyumba. Anatiuza kuti firiji imatulutsira kutentha kumbuyoko, ndipo ukaitseka imakhala ngati munthu wothamanga atavala bulangete. Tinaisamutsira kukhoma lopanda dzuwa, n'kusiya mpata woti dzanja lotambasula lilowe. Anatenga pepala m'kope langa, analipanikiza ndi chitseko, n'kulikoka. Linatuluka mosavuta. Labala wa m'mbali mwa chitseko anali atamata ndi thobwa lotayikira, nyerere zitadzaza m'mikwingwirima yake. Anamutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, anayesanso pepala, ulendo uno linakana. Anaika kathabwa pansi pa miyendo yakutsogolo kuti chitseko chizibwerera chokha. Kachotembenuza ka manambala ka mkati anakaika pa 3, n'kunena kuti pamenepo pakwana. Anatiuza kuti chakudya chotentha chizidikira kaye panja, kuti tizisunga mabotolo awiri atatu a madzi m'kabokosi ka ayezi, ndipo magetsi akazima tizitsitsira mabotolowo pansi n'kusiya chitseko chili chitsekere. Kuyambira tsiku limenelo firiji inayamba kulira pang'ono n'kupuma, kulira pang'ono n'kupuma, ndipo mayunitsi anayamba kufika kumapeto kwa mwezi. Munthu ameneyu anandipatsa m'maola awiri zimene ndikanafuna wina akanandipatsa ndili mnyamata.

Ndinatenga firijiyo ngati ntchito yanga. Loweruka lililonse ndinkaikoka, kupukuta kumbuyo ndi kabulashi, kutsuka labala. Akazi anga ankati, "Mukadandisamala chonchi ine bwenzi ndilibe imvi."

Alamu aja panthawiyo ankasunga mankhwala awo mmene anesi anawalangizira anthu opanda magetsi. Ankakwirira kachitini mumchenga wonyowa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa, n'kumathirira. M'miyezi yozizira zinkatheka. M'nyengo yotentha mchengawo unkauma masana asanakwane, ndipo kawiri anagonekedwa kuchipatala. Ndinapita ndekha kukawauza kuti azisunga kwathu. Anawomba m'manja n'kunena kuti, "Yewo, alamu. Mulungu akuwonjezereni." Mawuwo anandiwotcha, komabe ndinabwerera kunyumba ndi kachitini m'manja ndikumva kupepukidwa kumene ndinali ndisanakumvepo. Kwa zaka ziwiri sanagonekedwenso.

Kenako inafika Ramadhani ina imene inagwa m'nyengo ya mvula, masiku aja otentha mwa chinyezi pomwe malaya amamatirira kumsana. Nyumba zambiri za kuno sizinakokebe magetsi. Mayi mmodzi anabwera ndi botolo la madzi kuti timuziziritsire la futali, chakudya chomasulira kusala dzuwa likalowa. Mawa lake anabwera atatu. Pofika sabata yachiwiri anali mudzi wonse, aliyense ndi botolo lake lomangidwa kansalu kapena kaulusi pakhosi kuti asasokoneze. Munthu amene wasala tsiku lonse sungamukanize madzi ozizira. Timaphunzitsidwa kuti womwetsa wosala amapeza sawabu, mphotho ya kwa Mulungu, ndipo ine ndi munthu amene ndinkadziwa kuti sawabu ndikuzifuna kuposa anzanga. Ndisaname, kutamandidwa nakonso kunkanditsekemera.

Mabotolo ankabwera nthawi iliyonse, ena atayenda padzuwa, ena a thobwa longophulidwa kumene. Chitseko chinkatsegulidwa kosalekeza. Firiji inabwereranso kolira osapuma, koma madzi osazizira. Tsiku lina mkulu wina kumzikiti anandiuza moseka pamaso pa anthu, "Madzi a kwanu aja ndi abwino kusambitsira khanda." Onse anaseka, inenso ndinaseka. Nditafika kunyumba ndinatembenuza kachotembenuza kaja mpaka pa 7, pomwe kamathera. Ndipo pofuna malo a mabotolo ena awiri, ndinachotsa kachitini ka alamu pakati n'kukakankhira pamwamba kwenikweni, pansi pa kabokosi ka ayezi, katagunda khoma la kumbuyo. Mumtima ndinati kumeneko ndiye kozizira bwino, mankhwala asangalala.

Madzi anazizira ndithu. Anthu anayamikira masiku atatu.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinakumbukira kuti alamu atsala pang'ono kudzatenga kabotolo kena. Nditati ndikoke kachitini, kanakana. Kanali katamatirira kukhoma ndi ayezi. Ndinakagwedeza mpaka kanachoka. Timabotolo tonse tinayi tinali titauma gwa. Ndinafumbata kamodzi m'dzanja mpaka kanasungunuka, ndipo kanaoneka pafupifupi ngati kale, kupatula timibulu ting'onoting'ono tomatirira m'mbali. M'kope langa munalibe mawu okhudza mankhwala. M'kachitini munali pepala lopindidwa la malemba aang'ono a Chingerezi. Ndinaimbira mwana wanga nthawi yopuma kusukulu kwake, ndinavala magalasi, n'kuyamba kumutchulira chilembo chimodzichimodzi pamene ndinaona chithunzi cha firiji. Zinatenga nthawi. Kenako anandidula.

"Bambo, imani. Akuti akaundana musagwiritsenso ntchito, ngakhale atasungunuka. Aundana?"

"Ndimangofunsa," ndinatero.

"Bambo."

Ndinadula foni. Akazi anga anali kudimba. Palibe anaona. Timabotolo tina tija tinali titayamba kusungunuka patebulo, ndipo pakatha ola limodzi palibe akanadziwa kanthu. Ndikulemba izi monga zinachitikira: dzanja langa linali litabwezera kale kachitini pa shelefu yapakati, ndipo chitseko chinadzitseka chokha. Ndinakhala pampando n'kumaiyang'ana firijiyo. Alamu akanabwera, akanawomba m'manja, akanapita kukadzibaya. Shuga akanakwera, anthu akanati ndi matendawo. Akanagonekedwa, kapena kuposa pamenepo, ine n'kukhalanso pamaliro masiku onse.

Akazi anga anandipeza pomwepo. "Mwakhala bwanji ngati mwameza fupa? Njala yayamba kale?"

Ndinaimirira. Ndinatulutsa kachitini n'kudutsa m'chinangwa.

Ndinawapeza alamu akupeta mpunga pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, za mabotolo, za 7, za pepala. Anatenga kabotolo kamodzi, anakayang'anitsitsa kudzuwa, n'kuseka.

"Alamu, ine ndinati mundisungire, inu mwandipangira mafirizesi?"

"Ndalakwa kwambiri."

"Yayi, musagwetse nkhope. Kamene ndili nako kandifikitsa mkucha. Mawa mundiperekeze, mukadzionere nokha mmene anesi amakalipira."

Anakalipadi. Namwino wake anali wa msinkhu wa mdzukulu wanga, koma anandiimika ngati mwana wa sukulu. Anati mankhwala amenewa akhale pa shelefu yapakati, asagunde khoma la kumbuyo, asayandikire ayezi, ndipo manambala asamasinthidwe chifukwa cha madzi akumwa. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako anafewa n'kunena kuti ndachita bwino kubwera nawo, ndipo anatipatsa ena. Ndinamuthokoza kangapo mpaka anandiuza kuti ndipatse malo ena pamzere.

Tinakadikira minibasi pansi pa mtengo, chapafupi ndi pomwe panali sitolo ya bwana uja. Masiku ano amagulitsamo mafoni. Alamu ankadya mandasi chifukwa shuga wawo salola kukhala ndi njala, atatembenukira kumbali pondilemekeza kuti ndasala. Chikwama cha mankhwala chinali pamiyendo panga. Atamaliza anapukuta manja n'kunena, akuyang'ana sitoloyo:

"Wina akanangobwezeramo mwakachetechete. Amuna anga ankanena zoona. Mpaka kufa ankati m'sitolo muja munthu munali inu nokha."

Sindinakonzekere kunena. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula. Ndinawauza za ukwati wa ku Kanyenda, za mpeni, za kaphokoso kaja, za mmene anandiyang'anira ine n'kuyang'ana pansi. Sanandidule. Nditamaliza anayang'ananso sitolo ija, kondakitala akukuwa za Dwangwa kumbuyo kwathu.

"Ankaganiza kuti anali mphwake wa bwana," anatero potsiriza, mawu ali pansipansi. "Anafa akumuda munthu wosalakwa."

Anatambasula dzanja n'kutenga chikwama pamiyendo panga. M'minibasi anakhala kutsogolo. Titatsika analowera njira ya kwawo ndi mankhwala onse.

Madzulo ake ndinawauza akazi anga. Anamvetsera akusenda chinangwa, ndipo mpeni sunaime mpaka nditamaliza.

"Ndiye mwawauza kuti inu mupepukidwe, iwo alemedwe?"

"Sindikudziwa."

"Nanga mankhwala ali kuti?"

"Atenga."

"Mumchenga? Kutentha kuno?" Anaponya chinangwa m'beseni. "Zaka zonsezi munakhala chete, lero mwasankha kuyankhula mwezi wotentha."

Masiku awiri sanandiyankhule kupatula zofunika. Koma m'mawa wotsatira ndinawaona akutenga chigubu cha madzi ozizira m'firiji n'kulowera m'chinangwa. Ankakathira pamchenga wa alamu, m'mawa ndi masana, tsiku lililonse. Kwa iwo alamu ankalandira. Ndi iwonso amene anakonza za mabotolo, zimene ine ndinalephera chifukwa chofuna kukondedwa. Anaima pakhomo n'kuuza amayi onse kuti botolo lizibwera m'mawa kwambiri, la madzi ogona mumtsuko, thobwa likhale lozizira kale, nyumba iliyonse limodzi, ndipo chitseko chizitsegulidwa kawiri kokha, polowetsa ndi potulutsa. Mayi wina anati, "Firiji yayamba kunyada." Akazi anga anati, "Eya, yatengera eni ake. Bweretsani mawa m'mawa." Chodabwitsa n'chakuti pa 3 pomwepo madzi anayamba kuzizira kuposa mmene ankachitira pa 7.

Ayezi amene anakula m'masiku atatu aja ndinawachotsa ndekha. Ndinazimitsa, ndinatulutsa zonse, ndinaika beseni la madzi ofunda mkati, ndinayala chiguduli pansi, n'kukhala pampando. Zinatenga m'mawa wonse. Ayezi ankadontha, kenako chidutswa n'kugwa chokha. Panalibe chovuta chilichonse. Kunali kungodikira basi. Nditapukuta ndi kuyatsa, ndinasiya malo a pakati pa shelefu yapakati opanda kanthu, ndipo akazi anga sanaikepo chilichonse ngakhale sindinawapemphe.

Idi inadutsa. Tinawatumizira mpunga ndi nyama monga chaka chilichonse, mbale inabwerera yotsukidwa, popanda mawu. Ndinkawaona patali akupita kutchalitchi, akuyenda pang'onopang'ono kuposa kale, ndipo ndinkawerenga masiku amene timabotolo tija takhala mumchenga.

Patatha milungu itatu anabwera m'mawa ndi kachitini m'manja. Anapereka moni kwa akazi anga. Analowa, anatsegula firiji okha, anawerama kuyang'ana nambala, anagwira khoma la kumbuyo ndi chikhatho, n'kuika kachitini pakati. Atatseka ndi pamene anandiyang'ana.

"Musaganize kuti nkhani yatha. Mapazi ayamba dzanzi, ndipo anesi ati mchenga sukukwanira. Firiji ina kuno kulibe."

"Ndamva."

"Simunamve, sindinamalize. Ana anga akula akudziwa kuti bambo awo anachotsedwa ntchito chifukwa chowononga ndi kunama. Wamkulu uja akubwera Loweruka. Mumuuze ndi pakamwa panu. Ine sindikunyamulirani."

Wamkuluyo ndi uja anasiya sukulu. Tsopano ndi bambo wa imvi zake, amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Anabwera, tinakhala pakhonde la amayi ake, ndinamuuza. Anamvetsera akuyang'ana chipewa chake. Nditamaliza anaimirira, anavala chipewacho, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo tikakumana pamsewu ankayang'ana kumbali. Sindinamuimbe mlandu. Amayi ake ankabwera kudzatenga kabotolo nthawi ikakwana, ankacheza ndi akazi anga, ine n'kumangoyankhidwa moni. Dzanzi lija linachepa. Kwa ine zimenezo zinali zambiri kuposa zimene ndinayenera kulandira, ndipo ndinkathokoza Mulungu m'pemphero lililonse la swala kuti andisiyira kantchito aka.

Mu Okutobala wapitayu thiransifoma ya dera lathu inapsa. Tsiku loyamba ndinatsitsira mabotolo oundana pansi, motalikirana ndi kachitini, ndipo ndinakoka mpando n'kukhala pafupi ndi chitseko kuti wina asatsegule mwachizolowezi. Tsiku lachiwiri masana ndinatsegula kamodzi. Mabotolo anali atasungunuka, limodzi lokha ndi limene linali ndi kachidutswa ka ayezi pakati. Anthu ankati kuikonza kudzatenga sabata. Ndinapita kwa alamu n'kuwauza kuti pofika mawa firiji yanga idzakhala kabati chabe.

Anaganiza pang'ono. "Kwa mwana wanga wamkulu ku Dwangwa magetsi aliko. Anagula firiji mwezi watha."

"Ndipeze woti apititse?"

"Miyendo muli nayo ndinu."

Ndinakulunga kachitini m'thaulo, botolo lozizira lija kunja kwa thaulo, zonse m'kachidebe kotsekera, n'kukwera minibasi. Dzuwa linali loswa mutu. Njira yonse ndinanyamula kachidebeko pamiyendo, kutali ndi windo ndi chitsulo chotentha cha pansi. Nditafika ndinafunsira nyumba, ndinaodira. Anatuluka yekha. Anandiyang'ana, anayang'ana kachidebe.

"Ndi mankhwala a amayi anu. Kwathu magetsi kulibe."

Anakalandira n'kulowa nako m'nyumba. Ndinaima pabwalo kanthawi, kenako ndinatembenuka kuti ndizipita. Ndisanafike pampanda ndinamva mawu ake.

"Akuti akhale pati?"

Ndinabwerera mpaka pakhomo. Firiji yake inali pabalaza, yatsopano, pulasitiki ikadali pachogwirira, itatsamira khoma. Ndinamuuza ndili panja kuti pa shelefu yapakati, osagunda kumbuyo. Anaika. Anawerama n'kunena kuti nambala ili pa 6.

"Bwezani pa 3."

Anabweza. Anaimirira n'kuiyang'ana, kenako anati imalira usana wonse, mwina anamugulitsa yowonongeka. Ndinati siyowonongeka, yangopanikizika, ikufuna mpata kumbuyo. Anafunsa kuti wochuluka bwanji. Ndinatambasula dzanja kumuonetsa.

"Lowani mugwire mbali iyo," anatero.

Ndinavula nsapato n'kulowa, ndipo tinaikoka awiri.